Amisiri amene anatikonzera chumuni ku Limbe: ntchito yawo ndi zimene mungapange nokha

Anthu angapo andifunsa za ntchito ya chumuni imene tinapangitsa kunyumba kwa amayi, ena akufuna kudziwa ngati amisiri ake ndi odalirika, ena akungofuna ndiwavomereze kuti akhoza kukwera okha padenga ndi thumba la simenti nkhani nkuthera pomwepo. Nde ndiyankhe onse pamodzi. Amisiriwo ndi gulu laling'ono la anthu atatu, madala amene amamanga, wina wa malata, ndi mnyamata wothandizira, alibe ofesi olo galimoto yolembedwa dzina, koma ntchito yawo ndaiona ndi maso anga kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndipo pa 10 ndingawapatse 8. Mbali ziwiri zimene ndawachotserazo ndizifotokoza bwinobwino chifukwa zinandipweteka ndithu.

Nyumba yake ndi ija yakalekale ya njerwa zootcha, chakumtunda kwa Limbe mbali ya Mpingwe, ili ndi malo osonkhapo moto pabalaza ndi chumuni chotulukira padenga, komanso kuseri kuli khitchini ya panja yokhala ndi kachumuni kake kakafupi. Amene mumakhala ku Sunnyside, Namiwawa, Mandala, Nyambadwe kaya Chigumula nyumba zoterezi mukuzidziwa, machumuni ambiri anangosanduka zokongoletsa, ena anatsekedwa ndi makatoni. Ifenso chathu chinakhala zaka osasonkhapo, chinadzayambanso kugwira ntchito mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira magetsi nkumazima tsiku lonse, hita osagwira, amayi ndi munthu wamkulu miyendo imawavuta kukazizira, nde June ndi July chiperoni chikatsika ndi kamvula kake kowaza kaja panalibenso kuchitira mwina koma kusonkha moto pabalaza. Ndiye kwa ife chumuni si nkhani ya fashoni ayi, ndi chinthu choti munthu wamkulu amakhala pafupi nacho madzulo aliwonse miyezi yozizira.

Vuto linaonekera poyera pa namondwe Freddy, March 2023. Tonse a mu Blantyre tikukumbuka mmene mvula ija inagwera osakata, anzathu ku Chilobwe ndi mmunsi mwa phiri la Soche anataya abale ndi nyumba zomwe, zathuzi poyerekeza ndi zazing'ono kwambiri ndipo sindikufuna kuziika pamzere umodzi. Kwathu madzi anayamba kutsika khoma la chumuni mkati mwa nyumba, osati kudontha ngati denga laboola koma khoma lenilenilo kunyowa kuchokera kusiling'i kutsika, penti nkumatupa, kenako banga lachikasu losakanikirana ndi lakuda limene olo mutapenta kangati limatulukanso. Nyengo yozizira itafika tinaona china, utsi mmalo mokwera unkabwerera mnyumba makamaka kunja kukakhala mphepo, makatani onse fungo la utsi, ndipo mmawa posesa phulusa tinkapezamo tizibenthu ta pulasitala ndi mchenga zimene zagwa kuchokera mkati mwa chumuni. Ukaima pabwalo nkuyang'anitsitsa, mutu wa chumuni unkaoneka kuti wapendekeka pang'ono.

Apa mpamene malangizo anachuluka. Wina akuti gulani phula musungunule muthire mozungulira, wina akuti sungunulani zoyerayera zija zotetezera TV mukatoni mu petulo mumate, wina akuti simenti yambiri mchenga pang'ono basi zatheka. Ndipo ine ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaganiza choncho, ndalama yavuta abale, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa simenti sukhala malo amodzi, lero uwu mawa wina, nde munthu ukaganiza zolipiranso lebala mtima umati ndingopanga ndekha Loweruka. Aneba athu anapanga zomwezo pa chumuni chawo, anamata simenti yokhuthala pamene njerwa zakumana ndi malata, zinaoneka bwino ndithu mpaka kupenta, koma mvula yotsatira madzi analowanso malo omwewo ndipo panopa akuti akuchita kuposa kale. Chifukwa chake ndinadzachimva kwa madala aja, ndichifotokoza kutsogoloku.

Kupeza mmisiri woidziwa ntchito ya chumuni mu Blantyre muno nkovuta kuposa mmene mungaganizire, sinanga nyumba zatsopano zambiri sizikhala nacho, achinyamata ambiri amene akumanga panopa azolowera mabuloko a simenti ndipo chumuni sanachimangepo chibadwire. Wina ndinamuimbira foni, ndisanamalize nkufotokoza komwe wanditchulira kale mtengo, ndinangodziwa kuti apa palibe. Munthu angatchule bwanji mtengo wa chinthu chimene sanachione, chili pamwamba pa denga, mkati mwake muli mdima? Kampani ina yaikulu ndithu inabwera ndi mapepala ake abwino, iwo anati chigwetsedwe chonse mpaka pansi timange china, kapena titseke tiiwale, mtengo wake unali woti ukhoza kumangira bafa ndi chimbudzi zatsopano. Sindikuwanena kuti ndi akuba ayi, kampani ili ndi antchito, galimoto, misonkho, ndipo pa ntchito yaikulu ngati kumanga nyumba yonse ndi bwino kupita kwa kontilakitala wolembetsedwa ku bungwe loona zomangamanga lija tinalizolowera kuti NCIC, koma pa kantchito ngati aka amakupatsa mtengo woti uthawe wekha. Madala amene anatigwirira ntchitowa tinawapeza kudzera kwa a mpingo anzawo a amayi, amene anawakonzerapo uvuni wa buledi, ndipo zimenezo zinandilimbitsa mtima chifukwa munthu womanga uvuni amadziwa mmene njerwa imachitira ikakumana ndi moto.

Tsiku loyamba sananene za ndalama nkomwe. Analonjerana ndi amayi mwaulemu, anagwada pamalo osonkha moto paja nkulowetsa mutu ndi tochi kuyang'ana mmwamba, kenako anapempha makwerero kuti alowe musiling'i. Anandiitana, "Achimwene, takwerani mudzaone nokha, ndisadzakuuzeni pansi muziti ndikukokomeza." Ndinakwera. Anauza mnyamata wawo kuti asonkhe kamoto ka masamba aawisi ndi udzu kuti utsi uchuluke, wa malata uja ali padenga anavundikira kukamwa kwa chumuni ndi chiguduli chonyowa kwa kanthawi kochepa, ife tili musiling'i tochi ili mmanja. Abale, utsi unayamba kutuluka mmizere ya pakati pa njerwa ngati mpoto wa nyemba wosavundikira bwino, malo angapo, ndipo pena panali mng'alu woti chala chimalowa. Kenako anawalitsa tochi pa thabwa limodzi la denga limene linagunda khoma la chumuni, linali lakuda mbali imodzi, atalikanda ndi msomali linkayoyoka makala. Anangoti, "Ili likanadzayaka usiku wina, inu muli mtulo, moto uli pamwamba panu." Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, ndikuganiza za amayi amene amagona chipinda choyandikana ndi pabalaza pomwepo.

Ichi ndiye chimene ndikufuna aliyense amene akuganiza zopanga yekha amve. Chimene umachiona uli pabwalo kapena uli pabalaza ndi banga pakhoma basi, nde umaganiza kuti vuto ndi madzi, koma chumuni chimadutsa malo amene sitipitako, pakati pa siling'i ndi malata, pomwe pali matabwa ouma gwa, fumbi, zisa za makoswe ndi mawaya a magetsi. Thabwa silifunika kugunda chumuni, pamafunika mpata wa masentimita ngati 5, ndipo thabwa limene lakhala likutenthedwa pang'onopang'ono kwa zaka limadzayaka msanga kuposa latsopano. Ukamata kunja kokha madzi nkusiya kwa miyezi ingapo umaona ngati wathana nazo, pamene choopsa chenicheni sunachione nkomwe.

Pa mtengo tinagwirizana mosavuta. Anatilembera papepala la mukope zipangizo zonse payokha, lebala payokha, nkutiuza kuti zipangizo tikagule tokha kapena tipite limodzi, iwo sakufuna kugwira ndalama ya katundu. Zimenezi ndinazikonda kwambiri. Tinagula simenti, laimu, waya wa sefa ndi lata la fulati losapindapinda mmashopu a hadiweya mu Limbe, mchenga wa kumtsinje anachita kuusankha okha, woyamba umene unabwera anaukana akuti uli ndi dothi lambiri, anautapa mmanja nkuufinya, unagwirana nkusiya manja ofiira, anati uwu ayi. Lebala tinagwirizana kulipira patatu, poyamba pang'ono, pakati akamaliza njerwa, yotsala akamaliza zonse titathira madzi padenga nkuona kuti sakulowa. Zonse pamodzi sizinafike olo theka la mtengo wa kampani ija, koma zinali zochuluka kangapo kuposa thumba limodzi la simenti limene anthu ankandiuza lija, nde musayembekezere kuti ndi zotchipa. Ndalama zake sindilemba pano chifukwa mmene mitengo ikuyendera zikhoza kungokusokonezani.

Asanakhudze njerwa anayamba amanga poponda. Anaimika sikafodi ya mitengo ya bulugamu kumbali kwa nyumba, padenga anayala matabwa opingasa kuti asamaponde malata mwachindunji, ndipo madalawo anadzimanga chingwe mchiuno chomangirira mbali ina ya denga. Malata athu ndi akale, ena adzimbiri, ukaponda pakati pomwe palibe thabwa pansi amabonyoka kapena kubooka kumene, nde amayenda motsata mzere wa misomali. Amene muli ndi denga la asibesitosi lija la nyumba zina zakale, chonde musayerekeze nkomwe kukwerapo, limathyoka osachenjeza ndipo fumbi lake likamadulidwa kapena kusweka ndi loopsa kumapapo. Ndalama imene mukufuna kupulumutsayo siingafanane ndi miyezi yogona kuchipatala cha Queens msana utathyoka, ana akudikira fizi.

Anagumula mutu wa chumuni kuchokera pamwamba mpaka kutsika kudutsa malata kufika pomwe njerwa zinali zolimba, njerwa imodziimodzi kumatsitsa ndi ndowa pachingwe osati kuponya. Zambiri zinali zabwinobwino, anazipala nkuzigwiritsanso ntchito, anati njerwa zakalezi zinapsa bwino kuposa zambiri zimene zikugulitsidwa mmbali mwa msewu masiku ano. Chimene chinaonongeka ndi zomangira zapakati, zinafumbutuka moti umakanda ndi chala nkumagwa. Anandifotokozera kuti mwaye ukanyowa ndi mvula umatulutsa zinthu zowawasa zimene zimadya simenti nkuitupitsa, nde mbali imene imanyowa kwambiri imatupa kuposa inzake, nchifukwa chake chumuni chimapendekeka. Pomanganso sanagwiritse simenti yokhayokha, anasakaniza muyezo umodzi wa simenti, umodzi wa laimu, 6 ya mchenga. Ine ndinafunsa kuti bwanji osachulutsa simenti kuti chilimbe, anaseka pang'ono nkunena kuti, "Bwana, simenti ikalimba kuposa njerwa, imene imavutika ndi njerwa." Akuti chumuni chimatentha nkuzizira tsiku ndi tsiku, chimafutukuka nkubwerera, zomangira zikakhala zouma gwa sizilola kusuntha nde njerwa ndi imene imasweka kapena kusupuka nkhope, komanso laimu amalola chinyezi kutuluka mmalo mochitsekera mkati. Ukapita ku tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI chimene chinamalizidwa mu 1891, njerwa zake zilipobe mpaka lero, amisiri akale aja ankadziwa chimene akuchita. Mkati mwa chumuni namonso ankapaka pulasitala wosalala akamakwera mzere uliwonse, kuti utsi usapeze pogwira olo potulukira, ndipo thabwa lopserera lija analidula nkuika lina motalikirako ndi khoma, nkulichirikiza bwino mbali zonse.

Koma pamene ndinaona kuti ndalama yanga yagwira ntchito ndi pa malata. Apa mpamene aneba athu zinawakanika ndipo mpamene ambiri opanga okha zimawakanika. Lata ndi njerwa sizisuntha mofanana, dzuwa la October likamenya denga lata limafutukuka, mumalimva lomwe likulira thethethe masana, usiku nkubwerera, pamene chumuni chili chiimire. Nde simenti imene wamata pakati pa ziwirizi imang'ambika basi, olo utaichulutsa bwanji, kamng'alu kake kochepa ngati tsitsi koma madzi onse otsika padenga amadzera pomwepo. Phula nalo limauma ndi dzuwa nkusweka. Wa malata uja, amene anaphunzira ntchito yake kwa okhoma zidebe ndi mbaula mu msika wa Ndirande, anadula lata la fulati lija zidutswa zingapo. Chakumtunda kwa chumuni, kumene madzi amafikira kuchokera pamsonga pa denga, anaika lata lalikulu lolowa pansi pa malata a mmwamba nkulipinda kuti likwere khoma la chumuni, pakati analitukula pang'ono kuti madzi azigawikana kupita uku ndi uku osaima. Mmbali anaika zidutswa zokwera khoma, kutsogolo china chogona pamwamba pa malata otsika. Kenako anasema kamzere pakati pa njerwa kozama masentimita awiri ndi theka, nkulowetsamo mlomo wa lata lina limene limagwa kuphimba zonse zija ngati chipewa, nkutseka kamzereko ndi zomangira. Ndiye pali malata awiri ophimbana koma osakhomedwa pamodzi, lina lagwira denga lina lagwira chumuni, lililonse likhoza kusuntha palokha madzi osapeza njira. Ndinaima pa sikafodi kuonerera mmene amapindira ngodya ndi hamala yamtengo pa thabwa, kuyeza, kubwerera pansi kukadulanso pang'ono, kukweranso, mosathamanga. Ntchito imeneyi sungaiphunzire Loweruka limodzi pa YouTube, imafuna dzanja lozolowera.

Nkhani ya utsi wobwerera mnyumba inali ndi zifukwa ziwiri. China mkati munali chisa chakale cha mbalame ndi zinyalala zimene zinatseka pafupifupi theka la njira. China chumuni chinali chachifupi, msonga ya denga inali pamwamba kuposa icho, nde mphepo ikadumpha denga imagwera pansi nkukankhira utsi mkati. Anachikweza ndi mizere ingapo ya njerwa. Lamulo limene amisiri ambiri amatsata ndi loti chumuni chitalike masentimita osachepera 90 kuchokera pomwe chatulukira padenga, komanso chipose ndi masentimita 60 chilichonse chimene chili pafupi nacho mkati mwa mamita atatu. Pamwamba anaumba kasilabu kokhala pa timizati tinayi ta njerwa, kotulukira kunja pang'ono kuti madzi azidonthera kutali ndi khoma, mmipata anaikamo sefa wa mabowo akuluakulu woletsa mbalame ndi mileme. Ine ndinkafuna sefa wa udzudzu amene tinali naye kale mnyumba, anakana, akuti ameneyo amatsekeka ndi mwaye mwezi usanathe. Atamaliza anatiuza kuti tizithirira madzi kwa sabata ndipo tisasonkhe moto mpaka patapita masabata angapo, poyambanso tiyambe ndi kamoto kakang'ono.

Tsopano zimene sizinandisangalatse. Choyamba ndi nthawi. Atagumula mutu wa chumuni anasowa masiku angapo osanena kanthu, foni osayankha, padenga pali bowo longophimba ndi pepala la pulasitiki ndi njerwa pamwamba, mwayi wake inali nthawi yopanda mvula koma amayi sankagona nazo, mphepo ikawomba usiku pepala lija limachita phokoso iwo nkumadzuka. Atabwera anati kunagwa maliro kumudzi kwawo ku Chiradzulu, ndipo ine maliro ndimawalemekeza, palibe angaletse munthu kupita kukaika mbale wake, koma uthenga umodzi wokha pafoni ukanakwanira kuti mitima ikhale pansi. Ndinawauza maso ndi maso ndipo anapepesa, koma ndikudziwa kuti khalidwe limeneli lili ndi amisiri ambiri, nde mukamagwirizana nawo nenani poyambirira kuti denga lisasiyidwe lotsegula popanda kudziwitsana. Chachiwiri ndi ukhondo. Posesa mkati mwa chumuni sanatseke bwino kukamwa kwa pabalaza, mwaye unagwa nkufalikira chipinda chonse, mipando, makatani, mpaka mmakabati, tinachapa kwa masiku. Mnyamata wawo anasiyanso zotsalira za simenti mu gatala zimene zikanatseka madzi ndikanapanda kukwera kukaona. Izi ndi zinthu zoti munthu waluso ngati iwowo sakuyenera kuchita kuuzidwa. Mukawaitana, chotsani katundu pabalaza ndipo mumate nokha pepala ndi tepi pakamwa pa chumuni asanayambe.

Sikuti ndikunena kuti chilichonse muziitana mmisiri ayi, imeneyonso ndi njira yotayira ndalama. Madala omwewo ndi amene anandiuza kuti kachumuni ka kukhitchini ya panja ndisawalipire, ndikhoza kukonza ndekha, sinanga nkakafupi, umafikira uli pa makwerero aafupi munthu wina atakugwirira, ndipo khitchiniyo ilibe siling'i nde chilichonse chimaoneka. Anandionetsa mmene ungakolokosolere zomangira zofumbutuka pakati pa njerwa mozama ngati masentimita awiri, kutsukamo fumbi, kunyowetsa njerwa kaye kuti zisamwe madzi a simenti, kenako kudzaza pang'onopang'ono nkusalaza. Ndinapanga ndipo zagwira. Kusesa mwaye nakonso ndi ntchito yoti mwini nyumba azipanga yekha chaka chilichonse nyengo yozizira isanayambe, ife timamangirira burashi yolimba ku nsungwi zolumikiza nkumakankha kuchokera pansi, pakamwa ndi pamphuno titamanga kansalu. Kuunika ndi tochi kapena kalilole kuti uone ngati kumwamba kukuwala, kukwera musiling'i kamodzi pachaka kuona ngati pali banga la utsi pa njerwa kapena thabwa lakuda, kupenta khoma likauma, kuchotsa masamba mu gatala, zonsezi sizifuna munthu wolipidwa.

Ndipo mbali yaikulu yosamala chumuni ili pa nkhuni zimene mukusonkha. Nkhuni zaziwisi, makamaka bulugamu ndi paini wongodula kumene, zimafuka utsi wambiri wozizira umene umamatirira mkati nkusanduka phula lakuda lonyezimira, limenelo likachuluka limayaka lokha mkati mwa chumuni ndi moto waukali woti ukhoza kung'amba njerwa. Gulani nkhuni msanga ziume, musamaponyemo mapulasitiki, zigubu kapena matabwa openta. China chimene ndikupempha ndi mtima wonse, musatenge mbaula ya makala nkuiika mnyumba mawindo onse otseka poganiza kuti poti pali chumuni palibe vuto. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, umangokupatsa mutu ndi tulo basi, ndipo nyengo yozizira timamva ndithu za anthu amene apezeka atafa mnyumba chifukwa cha mbaula. Chumuni chotsekeka kapena chong'ambika chimabweza mpweya womwewo mnyumba. Ngati anthu mnyumba akumadandaula mutu kapena chizungulire nthawi imene mwasonkha moto, zimitsani, tsegulani zitseko, tulukani panja, ndipo musasonkhenso mpaka wina wodziwa adzaone.

Chikonzereni chathu, dzinja lathunthu ladutsa khoma lili louma, banga lija titapenta silinabwererenso, ndinakweranso musiling'i mvula ikugwa mwamphamvu kukagwira njerwa ndi matabwa ozungulira, zonse zouma. Nyengo yozizira moto umayaka bwino, ukayatsa kapepala pakamwa paja umaona lawi likukokedwa kupita mmwamba, olo kunja kuli mphepo utsi subwerera. Ndalama yomaliza ija tinawapatsa pa Airtel Money titayesa ndi paipi ya madzi padenga monga tinagwirizana, iwo ali pomwepo, ndipo anabweranso okha mvula yoyamba itagwa kudzafunsa ngati pali podontha, osapempha kanthu olo ya minibasi. Amayi anawaphikira tiyi ndi mbatata nkukhala nawo pakhonde kucheza nthawi yaitali.

Nde kwa amene mukufunsa kuti ndiitane munthu kapena ndipange ndekha, ine ndimagawa chonchi, chilichonse chimene mungachifikire mapazi ali pansi kapena pa makwerero aafupi ndipo mukuchiona bwinobwino, pangani nokha. Koma ngati chumuni chapendekeka, njerwa zikugwedera, madzi akulowera pokumana malata ndi khoma, utsi ukununkha mzipinda zina kapena musiling'i, kapena denga ndi lalitali ndi lotsetsereka, itanani mmisiri. Posankha musatengeke ndi zolankhula, mufunseni kuti pokumana malata ndi njerwa adzapanga bwanji, akangoti timata simenti kapena phula mutsanzikeni mwaulemu. Mufunseni ngati alowe musiling'i asanatchule mtengo, mufunseni nyumba kapena uvuni umene anagwirapo kale mukaone nokha ndi kucheza ndi eni ake. Satifiketi ya trade test kapena ya ku Soche Technical ndi chinthu chabwino ngati ali nayo, koma pa chumuni funsaninso ngati anachigwirapo chenicheni. Amene mukuchita lendi uzani landilodi kaye ndipo mujambule zithunzi za banga ndi ming'alu musanakhudze chilichonse, kuti mawa asadzakuuzeni kuti mwaononga ndinu.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi August kapena September, moto mwasiya kusonkha, mvula sinayambe, malata sanafike potentha ngati mu October pomwe pofika 10 koloko mmawa sungaikepo dzanja. Mukadikira mpaka November mudzapeza amisiri onse abwino ali otanganidwa ndi madenga odontha, mudzangotenga aliyense amene wapezeka, ndipo simenti yonyowa ikakumana ndi mvula yoyamba ija imakokoloka musanalipire nkomwe.